Kope la Woyeza Madzi

Ntchito yanga ndi kuwerenga chitsulo
chozikidwa m'mphepete mwa damu, kumtunda kwa Tsangano.
M'mawa uliwonse, chifunga chisanachoke m'mapiri,
ndimalemba pamene madzi agona.

Chaka chatha anakweza khoma.
A injiniya Mlongoti anakhoma zikhomo zofiira kuzungulira dambo
nati, madzi adzalekezera apa.
Anauza ife, anauza a komiti.
Katumbu sanamuitane kumsonkhano.

Loyamba kumira linali bango la mpheta,
zisa zikulendewera, mazira ali momwemo.
Kenako chulu chija tinkatcherapo ngumbi
chinasungunuka ngati shuga m'tiyi.
Mkuyu unalimbalimba miyezi itatu, madzi ali m'chiuno,
nantchengwa osachoka pa chinyumba chake cha zinyalala
mpaka tsiku lomwe nthambi inati thyo!
Anazungulira kawiri pamwamba panga. Sanabwerenso.

Kope langa lili ndi mizere itatu yokha:
tsiku, msinkhu wa madzi, ndi posaina.
Palibe polemba za gwape amene ndinamuona akusambira,
mphuno yokha pamwamba,
kulunjika kutsidya
kumene agalu a Kadammanja anali atakhala kale pansi,
kudikira.

Mfuko zasamukira m'minda ya mbatatesi,
nungu nazo zikufukula usiku.
A Nangozo akuti zinyama zachita mwano chaka chino,
adzaza mizere yawo ndi misampha.
Mwano wanji, mayi?
Wothawa madzi sanena odi.

Koma ndisaname ayi.
Mlongo wanga Ndaziona kumunsi uko ali ndi mpopi pakhomo,
khosi lake lapuma ku ndowa,
ndipo dzinja lino mwana wake sanagone kuchipatala.
Sopo amene ndasambira lero, fizi ya Lameki,
zonse zavuuka m'madzi omwewa.
Ndikamatukwana khoma
ndimatukwana ndili wokhuta.

Kwabwera alendo: akakowa, atsekwe awiri,
ndi mbalame ina yakuda yoyanika mapiko pa chitsa cha mkuyu,
imene ngakhale malemu bambo sakanaitchula dzina.
Anyamata akuwedza pamwamba pa dimba la amalume.
Koma usiku,
nthawi imene achule a m'dambo ankatisowetsa tulo,
madzi amangoti zii,
ngati pasiwa anthu atabalalika.

Dzulo ndinapeza mapazi a katumbu pamatope,
pafupi ndi chikhomo chomaliza,
ndi zigoba za nkhanu pamwala.
Ndinagwada, ndinawayeza ndi chala.
Kumapeto kwa kope, kumene abwana satsegula,
ndinalemba ndi pensulo:
Lachinayi, mmodzi, akadalipo.

Usiku mvula yagwa kumapiri a ku Mozambiki.
M'mawa uno madzi akwera zala zinayi,
chikhomo chofiira chikuonekera mutu wokha.
Ndalemba nambala, ndasaina.
Matope aja kulibenso,
koma ndikadali pano, kope m'khwapa,
kuyang'ana paliponse pamene madzi akugwedezeka.