Mchenga wa Alendo

Ndimachapa zofunda pa nyumba ya alendo ku Katoto.
Nyanja sindinaionepo,
koma Lolemba lililonse imandipeza yokha
m'makwinya a mashiti.

Amafika Lachisanu, majuzi mpaka m'khosi,
akudandaula nkhungu ya Mzuzu ngati ndinaifukiza ndine.
M'mawa, uyo! Atsetsereka ndi msewu wa ku Nkhata Bay.
Pobwera Lamulungu mphuno zasupuka,
galimoto ikununkha batala ndi nanazi za pa Mpamba,
ana akudunditsa mpira wa labala m'khonde
lomwe ndakolopa kumene.

Mayi wina wa m'chipinda chachinayi anandionetsa pa foni:
kamtunda kolowa m'madzi ngati lilime la ng'ombe,
madzi uku, madzi uko,
miyala yonona, nkhwazi pa nthambi youma,
timasitolo titatu ndi telala wogona pa makina ake.
Anati, simunafikeko? Pafupi pomwepa?
Ndinati, tidzapita.
Anandisiyira sopo wotsala.

Pafupi pomwepa.
A Mwafulirwa a minibasi amapitako kawiri dzuwa lisanapendeke.
Chaka chatha ndinasunga ya ulendo m'chitini cha mkaka,
Lusayo anadwala chibayo mu Juni,
chitini chinapita ku chipatala.
Chaka chino chinadyedwa ndi malata awiri.

Ndiye ndimakung'untha.
Thaulo lililonse lili ndi gombe lake:
wa ku Chikale ndi wokhakhala, umalasa m'zikhadabo,
wa ku Chintheche ndi ufa woyera,
wina wofiirira sindiudziwa kwawo,
mwina Usisya, mwina Chilumba.
NyaHarawa wa ku khitchini amandiseka,
akuti anzako amatola ndalama m'matumba a alendo,
iwe ukutola dothi.

Ndimausesera pa nyuzipepala,
ndi kuuthira m'botolo la mafuta odzola.
Ladzadza kachitatu tsopano.

Kwathu ndi ku Mchengautuwa.
Dzina lokha.
Mvula ikagwa ndi matope mpaka m'akakolo.

Dzulo usiku magetsi atazima
ndinakhuthulira mabotolo onse m'beseni lochapira,
ndi kuthiramo madzi ofunda a m'ketulo.
Lusayo anavula nsapato, ine patapata.
Tinaimamo awiri, mapazi anayi, kuthinana,
mvula ikuwaza pa malata atsopano aja.

Anati, amama, mafunde bwanji?
Ndinagwedeza beseni ndi chidendene.