Pakamwa pa Wometa

Ndimameta anthu pa Kawale,
m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo.
Galasi langa ndi long'aluka pakona,
makina amafa magetsi akathima,
koma pakamwa panga sipathima.

Bambo anga anagona ku Maula miyezi isanu ndi iwiri
chifukwa chodandaula mtengo wa shuga m'basi.
Anabwerako opanda mano akutsogolo,
ndipo mpaka imfa yawo,
akafuna kunena za boma
ankazimitsa kaye nyali, n'kutseka zenera,
kenako n'kungokhala chete.
Ine ndinalumbira pamanda awo
kuti lilime langa silidzapempha chilolezo.

Ndipo silinapemphe.
Ndanyoza nduna lumo lili m'manja,
ndawerenga mokweza maenje a mumsewu wa ku Biwi,
ndafunsa komwe amalowera mankhwala a kuchipatala,
makasitomala akuseka mpaka tsitsi kuwalowa m'kamwa.
Palibe anandigogodera usiku.
Zimenezo sindilapa.

Chondisowetsa tulo ndi Lachiwiri lija.
Kunali kutentha, mzere unali wautali,
nkhani zinali zitandithera.
Anadutsa Mafuleka, wobwera kumene m'dera lino,
munthu wosalankhulalankhula, wa chikwama chakuda,
wotuluka dzuwa likamalowa
n'kubwera m'mamawa maso ali psuu.
Ndinati: "Ameneyo mumuone bwino.
Chikwamacho chimapita chopepuka, chimabwera cholemera.
Ana anu muziwawerenga."
Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.
Mnyamata wina pa benchi anali ataimika foni.

Pofika Lachinayi mawu anga anali atakwera minibasi,
atafika ku Mchesi, atafika ku Chilinde,
atanenepa m'njira.
Ndinawamva pa foni ya mayi wogulitsa tomato,
mawu anga enieni, ndi kachifuwa kanga komwe,
koma kuseka kuja atakudula.

Lachisanu usiku ndinamva mapazi ambiri,
malikhweru, agalu,
ndi wina akufunsa amene ali ndi petulo.
Sindinatuluke.
Ndinazimitsa nyali, n'kutseka zenera,
monga ankachitira bambo.

M'chikwamamo anapezamo
yunifolomu ya ulonda yopindidwa bwino,
tochi, fulasiki yonunkhira tiyi wopanda mkaka,
ndi kope la mwana wa sitandade fili
limene ankakachonga usiku pa geti la bwana wake.

Sanafe. Anthu amati tiyamike.
Dzanja lamanja silipindika,
khutu limodzi silimva,
mkazi ndi mwana anathawira ku Dowa,
ndipo pamene panali chipinda chawo
pali njerwa zakuda, mbuzi zimagonapo.

Apolisi anatenga anyamata asanu ndi mmodzi.
Ine sanandifunse kanthu.
Sindinaponye mwala, sindinagwire machesi.
Wina wophunzira anandiuza ndikumumeta
kuti nthabwala si mlandu,
kuti ufulu wolankhula anthu anaufera.
Ndikudziwa. Mano a bambo anga anatsala komweko.
Malamulo sindinawawerenge,
chimene ndimadziwa ndi lumo:
lomwelo lokonza ndevu za mkwati,
likangotsika pang'ono, pali mtsempha.
Nduna ndikainyoza imagona kuseri kwa mpanda,
pa geti pali mlonda.
Mlondayo, pakhomo pake panalibe geti.

Sabata yatha anabwera.
Anakhala pa mpando osanena kanthu,
tsitsi litamera mokhotakhota mozungulira chipsera.
Ndinamufunditsa nsalu, manja akunjenjemera.
Sindikudziwa ngati akudziwa kuti mawu aja anali anga.
Kawale yense amawadziwa mawu anga.
Ndinameta pang'onopang'ono,
kulambalala pomwe anamusoka,
mphindi makumi anayi, wailesi yozimitsa,
anthu pa benchi akuyang'ana nsapato zawo.
Atatulutsa ndalama ndi dzanja lamanzere
ndinatsegula pakamwa,
pakamwa panga paja posasowa chonena,
n'kungomuuza mtengo.