Malikisi Khumi

Chipale chofewa chakwirira mabenchi a mu Winnipeg,
paki ya kuseri kwa ofesi yasanduka pepala losalembapo.
Ine ndili m'kati muno ndi mapepala makumi atatu ndi limodzi,
cholembera chofiira, khofi woti anazizira kalekale.
Mawa m'mawa akufuna malikisi.

Funso lachinayi ndinalikonza ndekha:
"Fotokozani tanthauzo la kusiyanasiyana kwa anthu
m'malo opumulirako ndi kusewera. Malikisi khumi."
Ambiri akhoza.
Andibwezera mawu anga omwe ngati zinkhwe,
moti ndikanatsokomola pophunzitsa
akanalembanso chifuwacho.

Colton walemba ngati madzi otsika phiri,
palibe ndi kadontho komwe kosochera.
Koma ndi Colton yemweyu, mwezi wa Okutobala,
ali pa ntchito yoyeserera ku dziwe losambiramo,
amene anabweza pakhomo amayi awiri a ku Somaliya:
"Zovala zazitali siziloledwa m'madzi."
Lamulolo tinalifafaniza iye asanamere ndevu.
Iwo sanakangane naye.
Anapinda matawulo awo, ulendo wa kokwerera basi,
kamwana kakutsalira m'mbuyo
katavala kale magalasi osambirira.
Ndimpatse zingati?
Pepala likuti khumi.

Harjot wapiringiza ziganizo, wafufuta kawiri,
tanthauzo walisiya lopanda mchira.
Koma kuseri kwa tsamba, kumene sindinafunse kanthu,
wajambula geti la paki ya kwawo.
Akuti anabwereka njinga ya malume ake olumala
nadzipalasa yekha Lamulungu masana,
mateyala n'kukakamira pakati pa zitsulo,
kuperewera zala zitatu zokha.
"Ndinakhala pamenepo mphindi makumi awiri," walemba,
"ndikuonerera agalu akulowa."
Pa fomu yanga palibe bokosi la agalu.

Tanis, amene sindinamvepo mawu ake m'kalasi,
wangolemba mizere inayi.
Akuti chikwangwani cha pachipata
chimatchula chaka chimene malowo "anatsegulidwa,"
ngati kuti kale anali otseka,
ngati kuti a mtundu wake, a Cree,
sankathyola zipatso pamenepo mpanda usanabadwe.
"Mumatipititsa kumeneko chaka ndi chaka.
Kodi munachiwerengapo?"

Ayi.
Zaka khumi ndi zinayi
ndakhala ndikutsamira chikwangwani chimenecho
poitana mayina.
Anyani amasekana zikundu,
ine ndimati wakhungu ndi Colton.

Ndipo za Colton sindinamalize.
Sabata yatha anagogoda pano, chipewa chili m'manja,
nafunsa ngati alipo akudziwa kumene amayi aja amakhala.
Ndinati sindikudziwa.
Anaima kanthawi akukanda chitseko ndi chikhadabo,
kenako anapita.
Pa mayeso sanazitchule.
Kuima kuja ndikuike pa mzere uti?

Sikelo imene anandipatsa imayeza mawu bwino kwambiri.
Siyeza manyazi, siyeza kupapatiza kwa geti,
siyeza mwana amene wagona asanalawe madzi.
Komabe a ku ofesi sadya nthano,
akufuna manambala m'kompyuta isanakwane naini koloko,
kuti auze akuluakulu kuti ana athu aphunzira.

Ndalemba khumi.
Ndalemba zisanu ndi chimodzi, ndafufuta, ndalemba zisanu ndi zitatu.
Pa pepala la Tanis cholembera chaima,
inki n'kudontha, n'kupanga kadziwe kofiira.
M'munsi mwake ndalemba kuti, "Sindinachiwerengepo.
Ubwere Lachiwiri tikachiwerenge."
Nambala ndiona mawa.

Kuseri kwa envulopu yakale ndayamba funso la chaka chamawa:
"Pitani kupaki Loweruka.
Musawerenge amene abwera.
Ndani sanabwere?
Mukamufunse, mudikire mpaka amalize kuyankha."
Malikisi ake sindikuwadziwa.

Galimoto yokokolola chipale yadutsa mumsewu ikuthwanima.
M'paki muja wina waponda kale,
mapazi awiri aakulu, awiri aang'ono,
ndi kabowo ka ndodo pambali pake.
Afika pa benchi yachitatu, aipukuta,
ndipo kuchokera pano sindikuona kumene alowera.