Dontho la Mafuta pa Mjigo

Mvula yoyamba yagwa usiku,
mphenzi ikung'amba thambo pamwamba pa zigafa.
M'mawa uno, pa mjigo wa ku Santhe,
ndikutsuka poto wa dzulo,
dontho la mafuta lagwera m'beseni.
Silinamwazike. Ladzikulunga lokha,
ladzimangira mpanda:
kunja madzi, mkati zake.

Ndakumbuka a Kachiwanda, Folomu 3,
labotale yopanda botolo ndi limodzi lomwe.
Ankati dziko lidali lopanda udzu, lopanda nyerere,
miyala yotentha, nthunzi, mchere,
mpweya wotsamwitsa ngati thumba la yuriya likanyowa,
mphenzi kumenya, kumenyabe,
zaka zoti zala za anthu onse sizingakwane,
mpaka kaboni adagwirana manja ndi anzake
n'kuluka chingwe chodziwa kudzikopera chokha.
Chinkaphonya pokopera, ankatero,
ndipo kuphonyako ndi ifeyo.

Tidaseka. Mayeso awo ndidalephera.
Wina adafunsa: nanga chidasanduka chamoyo liti?
Adasasa choko m'manja.
Palibe akudziwa bwinobwino.

Ndagwedeza beseni.
Dontho lagawika pawiri,
lililonse lobulungira, lotsekeka.
Nasiwelo akukuwa kuti mzere watalika.
Ndakhuthulira madziwo patsinde la nthochi.