Mawindo a Nyumba ya a Mzumara

Pamtunda wa Kaning'ina, pomwe nkhungu imachedwa kuchoka,
padali nyumba ya makhonde anayi,
ya a Yotamu Mzumara, eni minda ya khofi
ndi malole asanu olembedwa dzina lawo pachitseko.
Bambo anga adalondera geti yawo zaka makumi awiri.
Ine ndidakulira kuseri, m'kanyumba ka antchito,
ndipo usiku akayatsa magetsi ndinkawerenga mawindo.
Adalipo khumi ndi asanu ndi atatu.

Lamulungu ankafika kutchalitchi mochedwa dala
ndipo nyimbo yoyamba inkawadikira.
NyaHarawa, mayi wa panyumbapo, ankavala magolovesi oyera
ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.
Sadagwirepo chanza cha munthu wa ku Chibavi.

Zidayambira kumanda.
Tsiku loika mkuluyo kudatulukira azimayi atatu osaitanidwa,
wina wa ku Ekwendeni, wina wa ku Mpamba,
wachitatu sadanene kwawo,
aliyense atatsogoza ana a mphuno ya a Mzumara.
Mphuno sinama.
Abusa adaiwala vesi, NyaHarawa adavula golovesi limodzi
n'kuliponya m'dzenje pamodzi ndi dothi.

Mlandu wa chuma udadya zaka zisanu ndi chimodzi.
Maloya adameza malole, limodzilimodzi,
osatsamwa ngakhale ndi tayala.

Fiskani, mwana woyamba, wophunzira kunja,
adabwerako ndi chipewa, ndodo ndi ludzu.
Ankasewera juga m'kachipinda ka kuseri kwa bala
ndipo kukamacha munda wa khofi unkakhala utafupika.
Chikalata chimodzi cha malo adachipinyolitsa kwa anthu awiri,
onse a katapira, onse a zibakera.
Adakumanizana pageti Lachisanu lina
ndipo tauni yonse idasiya ntchito kudzaonerera.

Mlongo wake Temwanani adathawira ku Mbeya ndi dalaivala wa panyumba,
atanyamula ndolo za mayi ake m'kabotolo ka mafuta odzola.
Akuti amagulitsa zitenje. Akuti adamwalira.
Pamsika nkhani ziwirizi zimagulitsidwa mtengo umodzi.

Ndidaona ndi maso anga piyano akuikweza pangolo.
Inkalira yokha pa dzenje lililonse la msewu
mpaka kutsika ku Katoto.
Mipando idapita, makapu a nkhatankhata adapita,
galasi lalikulu la pabalaza lili kwa wometa wina ku Zolozolo,
likuonetsa zipala za anthu wamba.
NyaHarawa adatsirizira m'chipinda cha lendi ku Mchengautuwa
akufunsabe ngati tiyi wafika.

Lero m'nyumbamo muli mabanja asanu ndi anayi.
Mbaula yapsereza pansi pomwe ankavinirapo alendo a masuti,
matewera ayanikidwa pakhonde la kum'mawa,
nkhuku zimagona m'bafa.

Ine ndimapalasa njinga ya kabaza.
Dzulo mvula yowaza ija itayamba, pa depoti
wina adandikodola ndi ndodo: "Iwe, mnyamata!"
Imvi ndili nazo, koma ndidatembenuka.
Jekete lake lidali lomwe lija, zigongono zili pamtunda.
Sadandizindikire.
Adakwera ngati akukwera galimoto ya bambo ake
n'kunena kuti ndalama adzandipatsa mawa,
pakuti mlandu wake uli pafupi kutha.

Adali wopepuka ngati thumba la masamba ouma.
Pachitunda sindidatsike n'komwe.

Podutsa pageti paja adayang'ana kumbali,
n'kuyamba kundifotokozera za mitengo ya khofi ku London.
Ine ndinkawerenga mawindo.
Akadali khumi ndi asanu ndi atatu.
Agalasi atsala anayi,
enawo adatsekedwa ndi makatoni ndi masaka a feteleza,
koma kuseri kwa limodzi kudali kandulo,
ndi kamwana kataika chibwano pafelemu
kakutiwerenga ife.