Nambala 47

Ndinalowa pothawa mvula, ndisaname.
Basi ya ku Chadiza inali isanadzaze,
ndipo chitseko cha nyumba yosungiramo zakale chinali pululu.

Mnyamata wapakhomo, Gelevazio,
anandilembetsa dzina m'buku lonyowa m'mphepete.
"Kuona ndi maso, mayi. Manja kumbuyo."

Chishango chachikopa, ubweya utathothoka.
Sikelo yoyezera fodya ya nthawi ya Fort Jameson,
muvi wake utaima chilili ngati watopa kunama.
Zitupa za msonkho, zala za eni ake zikadali mu inki.
Sutikesi ya munthu amene anabwerako ku Joni
ndi galamafoni ndi chifuwa.
Zonse zili duu kuseri kwa galasi,
m'fungo la polishi ndi mankhwala a njenjete.

Kenaka pakona,
pafupi ndi ndowa yolandira madontho a denga,
njinga.
Kapepala kakuti: Nambala 47. Njinga ya mlimi.
Mwini wake sadziwika.

Sadziwika?
Chishalo chomanga ndi mphira wa chubu,
mfundo ziwiri, yachitatu yobisa pansi.
Keliyala yopendekera kumanzere
kuyambira tsiku lomwe tinagwa potsetsereka ku Lutembwe,
ine, atate, ndi thumba la mtedza.
Chipsera ndikadali nacho pabondo,
chimayabwa mitambo ikachita bii.

Anaigulitsa chaka cha chimanga chachikasu
kuti ine ndilembe mayeso.
Anabwera wapansi, usiku, fumbi mpaka m'mawondo,
nati yabedwa pamsika wa Kapata.
Amayi sanafunse.
Anangotenthetsa madzi a mapazi.

Ndinati, "Mwana iwe, iyi ndi ya Sandikonda Mwanza."
Iye anakanda kumutu.
Kusintha kapepala, akuti, kumafuna kalata,
kalata ifuna sitampa,
ndipo wa sitampa anapita kumaliro ku Petauke.

Tinaima.
Ndowa inali kuwerenga madontho: tho, tho.

Ndiye anachotsa pensulo kukhutu,
naiika pa chishalo,
napita kuwindo kukaona ngati mvula yakata.
Anaiyang'ana nthawi yaitali mvula imeneyo.

Ndinalemba pang'onopang'ono, zilembo zazikulu,
monga anandiphunzitsira ndi chala pamchenga
iye amene sanadziwe kulemba mawu ena
koma dzina lake lokha.

Belu ndinalikhudza, ndivomere.
Silinalire. Silinkalira ndi kale lomwe,
atate ankaimba mluzu.

Nditatuluka, basi inali itapita.