Zilembo Ziwiri

Chala changa chamanthu chinakulira pa moto wowotcherera,
pa mageti ndi mafelemu a mawindo ku Ndirande.
Khungu lake linauma gwa ngati chikang'a.
Chimadziwa kukhuthala kwa chitsulo maso ali chitsinzinire,
koma chikafika pa galasi la foni
chimaponda zilembo zitatu nthawi imodzi
ngati ng'ombe yolowa m'dimba la tomato.

Ndipo foniyo ili ndi nzeru zake.
Ndikalemba moni kwa apongozi
iyo imathamanga kundikonzera,
moni wanga nkusanduka liwu la Chingerezi lopempha ndalama.
Apongozi anakhala mwezi wathunthu osandiyankha.

Lachiwiri lija ndinali ndi geti lokamanga ku Bangwe.
Namasina anati, mukafika mundiuze,
paja makina anuwo amagwira shoko.
Minibasi ikudumpha m'maenje,
chigongono cha kondakitala chili m'nthiti mwanga,
dengu la mayi wina lili pa bondo,
ndinalemba ndafika.
Ndimomwe ndinkaganizira ine.
Zilembo ziwiri zinagwera m'dzenje la mumsewu,
uthenga unapita uli ndafa,
batire nkuthima pomwepo, poti magetsi sanabwere usiku wonse.

Ndinawotcherera tsiku lonse ndikuimba mluzu.
Madzulo ndikutsetsereka ku Chinseu,
bonya wa faifi handiredi ali m'jumbo,
ndinapeza anthu ali ndwii pakhonde panga,
mipando yatulutsidwa panja,
alamu anga a Likongwe akuchokera ku Gulupu
komwe anayenda wodi ndi wodi kufunsa dzina langa.
Namasina sanalire atandiona.
Anangolanda bonyayo nkuti,
munthu wakufa salemba uthenga, ndinkadziwa,
koma mawondo anga sanamve zimenezo.

Mmawa mwake ndinapita ku Limbe
kwa Tinenenji, mtsikana wokonza mafoni pansi pa ambulera yong'ambika.
Anayang'ana chala changa, anayang'ana foni,
sanaseke.
Anamatula kagalasi kosweka kapamwamba
komwe kankameza theka la kugunda kwanga.
Anakweza mizere ya zilembo, mabatani nkufufuma ngati mandasi.
Anatseka pakamwa pa mphunzitsi uja wondikonzera Chichewa.
Anayatsa kakunjenjemera
kuti chala chizimva chikaponda,
monga nyundo imamvera ikapeza mutu wa msomali.
Kenako anati, tchulani mawu anu, bambo, iphunzire.
Ndinatchula: ndafika, ndanyamuka, geti, msuweni, ndiwo,
Namasina.

Ndinamufunsa za kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi ng'oma,
chifukwa chiyani amakabisa kuseri kwa manambala
ngati ndalama ya m'mpango.
Anati, amene anayala zilembozi sanagulepo ng'ombe m'chinenero chathu.
Anandionetsa kukanikiza w osachotsa chala
mpaka kadenga katuluke pamwamba pake,
ndipo ndinalemba Malaŵi katatu pa kagalasiko
ngati mwana wa sitandade wani.

Ndinalipira, anandibwezera chenji ndi lamulo:
musatumize galimoto ikuyenda,
ŵerengani kaye, chala chisatsogole maso.

Lero ndimalemba ngati ndikulumikiza zitsulo ziwiri,
kadontho, kupuma, kuyang'ana, kadontho kena.
Ndimalakwitsabe.
Dzulo ndalembera kasitomala kuti geti lapsa
m'malo moti geti lapita,
wandiimbira mtima uli m'mwamba.
Koma ndikatsika minibasi kulikonse
ndimaima pambali pa msewu, dzuŵa ndalitchinga ndi chipewa,
ndi kuŵerenga zilembo zisanu ndi ziwiri,
chimodzichimodzi,
i ndi k zili m'malo mwake,
kenako ndimakanikiza.
Namasina amangoyankha ndi liwu limodzi:
Chabwino.